Legeni ya ku Dublin

Chitseko chitatsekeka, malamba anadzimanga okha pachifuwa pa Mwandida, mpando n'kupendekeka chagada ngati wa kwa dokotala wa mano. Mawu a makina analonjera apaulendo m'khutu, aliyense m'chinenero chake. Kenako chombo chinayamba kutsetsereka.

Amalawi a ku Dublin ankachitchula kuti Legeni. Dzina lake lenileni linali lalitali, lovuta pakamwa, koma aliyense amene anachiwonapo chikugwira ntchito sankafunsa chifukwa cha dzina latsopanoli. Unali mpope waukulu wopanda mpweya m'kati, woyalidwa pansi pa nyanja, kumapeto kwake n'kudzuka kuloza kumwamba. Maginito ankakankha chombo m'kati mwa mpopewo, liwiro n'kumangowonjezeka, mpaka chombocho chinkatuluka pakamwa pake ngati mwala. Chinalibe injini zochiwulutsa. Chinkangoponyedwa basi, n'kukwera kupitirira mitambo ndi mpweya womwe, kukafika kumene kumwamba kumada masanasana, kenako n'kutsika tsidya lina la nyanja ya Atlantic, pa doko loyandama kufupi ndi mzinda wa Boston. Mtunda wa makilomita pafupifupi zikwi zisanu, umene ndege zakale zinkalimbana nawo maola asanu ndi awiri, Legeni inkaumaliza m'mphindi makumi anayi.

Okwera koyamba ankadziwika. Thupi likapepuka, tsitsi n'kuyandama, ena ankakuwa, ena ankapemphera, ena ankaseka ngati ana.

"Taonani! Dziko likuoneka kupindika kwake!" anafuula bambo wina kumbuyo. "Kodi tikatera bwino koma?"

Mwandida sanadzutse n'komwe mutu. Ankayankha mauthenga a kuntchito. Iye ndiye anali mkulu woyang'anira makina opopa madzi amene ankateteza mzinda wa Dublin kuti nyanja isaumeze, ndipo foni yake sinkadziwa kupuma. Ulendowu ankauyenda Lachiwiri lililonse akaweruka. Ankachoka dzuwa litapendeka, n'kukalipeza ku Boston lili paliwombo, n'kubwerera kwawo chakudya chamadzulo chisanazizire.

Ku Boston kunali bambo ake, a Chagunda. Pa unyamata wawo ankayendetsa matiraki kuchoka ku Blantyre kupita kumadoko a kunyanja, ndipo akazi awo atamwalira, mwana wawo wamwamuna, Yotamu, anakawatenga ku Ntcheu kuti azidzakhala nawo. Koma Yotamu ndiye anatsogola kumanda. Anthu ankayembekeza kuti Mwandida awatenga bambo akewo, kapena kuti mkazi wa malemuyo, Elube, akawasiya kunyumba yosungira okalamba. Elube sanatero. Anangoti, "Ababa akhala pomwe pano," nkhani n'kuthera pomwepo.

Masiku amenewo Legeni kunalibe. Mwandida ankapita kamodzi pachaka pa ndege, atakonzekera miyezi, sutikesi ili tho ndi majuzi ndi usipa wogula kusitolo ya Mmalawi wina. Ankatsika mapazi atatupa, maso ali psuu, n'kupeza bambo ake ataima kutsogolo kwenikweni kwa gulu la ochingamira, chipewa chili m'manja. Ankakhala masabata atatu. Ankawameta, ankakangana nawo za ndale, ankagona pa sofa masana iwo akumuingitsira phokoso.

Legeni itatsegulidwa, Mwandida analira ndi chimwemwe.

"Ababa, nyanja yatha! Tsopano ndizibwera sabata iliyonse."

Ndipo sananame. Kwa zaka zinayi sanaphonye Lachiwiri, kupatula nyanja ikakwiya. Ankanyadira zimenezi, ndipo anzake akamadandaula za makolo awo, iye ankatchula Lachiwiri lakelo mokweza pang'ono.

Tsiku limenelo anafika pakhomo monga mwa masiku onse. Anagogoda kamodzi, n'kulowa, jekete la kuntchito lili m'thupi.

"Alamu, mwaswera?" anakuwa cha kukhitchini.

"Taswera, alamu," anayankha Elube kuchokera kumeneko.

A Chagunda anali pampando wawo pafupi ndi zenera, bulangete lili m'miyendo. Pambali pawo panaima loboti yosamalira odwala, yaifupi, yamanja ofewa, imene Mwandida anawapezera matenda oiwala atayamba. Inkawamwetsa mankhwala, inkawadzutsa, ndipo pachifuwa pake panali kagalasi kosonyeza zonse za m'thupi mwawo: shuga, kuthamanga kwa magazi, tulo, madzi amene amwa. Mwandida anawagwira bambo ake paphewa podutsa, n'kugwada kutsogolo kwa loboti ija. Anayendetsa chala pa kagalasiko. Zonse zinali bwino. Anasuzumira wotchi.

"Mwawapeza bwanji makinawo lero, mayi?" anafunsa a Chagunda.

"Ali bwinobwino. Koma madzi simukumwa okwanira."

"Ndimwa, ndimwa." Anamuyang'ana mwachidwi, mutu atapendeketsa. "Ndakhala ndikufuna kukufunsani. Chichewa chanuchi n'cha kwathu. Kodi inu kumudzi n'kuti?"

Mwandida anaseka. Bambo ake anali anthabwala kuyambira kale.

"Aa, ababa!"

"Musaseke, mayi. Kuno munthu wolankhula chonchi ndi wosowa. Mukanakhala ndi nthawi, bwenzi nditakudziwitsani kwa mwana wanga. Ndili ndi mwana wamkazi ine, Mwandida. Ine ndimangomutchula ndi mfunda, Nangozo. Ali ku Dublin, pa ntchito yaikulu kwabasi."

Chala cha Mwandida chinauma pa kagalasi paja. Anatembenuka. Pankhope ya bambo ake panalibe nthabwala. Panali ulemu umene ankapereka kwa alendo.

"Ababa, ndine. Ndine Mwandida."

Nkhalambayo inamwetulira mwachifundo, ngati yamva mwana wa eni ake akulakwitsa mawu.

"Ayi, mayi. Wangayo akabwera mumadziwa kuti kwabwera munthu. Amakhala pansi. Amadya." Anakonza bulangete lija. "Papita zaka ndithu osabwera. Koma musamuganizire zoipa, si mwano ayi. N'kutali. Inu simungadziwe. Ine ndayenda maulendo, ndimadziwa chimene mtunda umachita pathupi la munthu. Tsiku lathunthu uli m'mwamba, pansi pali madzi okhaokha. Ndiye mwana wamkazi, ntchito ili apo, mungamuuze kuti azingowoloka ngati akupita kuchigayo? Ine ndimamumvetsa. Anthu akuchalitchi akafunsa, ndimawauza kuti mwana wanga akanakhala pafupi, sakanachoka pakhomo pano."

Mwandida anamva kutentha kukukwera kuchokera m'khosi kufika m'makutu. Wotchi ya pamkono inanjenjemera kumukumbutsa kuti galimoto yopita kudoko yafika panja. A Chagunda anaimva.

"Thamangani, mayi, angakusiyeni. Inu nthawi zonse mumakhala pachangu."

Sanapite kugalimoto. Analowa kukhitchini, n'kutseka chitseko. Elube ankasenda mbatata, ndipo sanatembenuke.

"Alamu, zayamba liti zimenezi?"

"Ziti?"

"Sakundidziwa."

"Chaka chatha chomwe." Mpeni unapitiriza ntchito yake. "Amati ndinu mtsikana wa kukampani, wodzaona makina."

"Chaka chatha! Osandiuza bwanji?"

Apa Elube anaika mpeni pansi. Anali mayi wofatsa, amene Mwandida anali asanamumvepo akukweza mawu, ndipo ngakhale tsopano sanakweze.

"Ndikanakuuzani nthawi yanji, alamu? Pakhomo, mukulowa? Kapena pakhomo, mukutuluka? Ndinayesapo kawiri. Ulendo woyamba munati tikambirana sabata yamawa. Wachiwiri munali pa foni, munangondikwezera chala kuti ndidikire." Anapukuta manja pachitenje. "Ine sindikukuweruzani. Mumabwera, aliyense amaona. Koma m'mawa uliwonse bambowa amandifunsa ngati ndege ya ku Dublin yatera. Ndimati sinatere. Ndiye Lachiwiri ndimakuonani mukuwadutsa kupita pa makinawo, ine n'kumasowa poyang'ana."

Mwandida anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mayi ameneyu sanabadwe m'nyumba ya a Chagunda. Mwamuna amene anamulowetsa m'banjali anali m'manda. Komabe ndiye ankadziwa chimene nkhalambayo imafunsa ikadzuka.

"Adokotala akuti chiyani?" anafunsa motsitsa.

"Akuti zikuthamanga. Ikamafika nyengo yozizira, mwina ngakhale ine sadzandidziwa. Akuti chimene chatsala m'mutu mwawo chimagwira pa malo ndi pa zizolowezi. Munthu akamuona pamalo pamene anazolowera kumuona, nthawi zina amamuzindikira."

"Ndivule jeketeli, ndikakhale nawo pansi pompano?"

"Yesani. Koma nkhope yanu m'nyumba muno anaipatsa kale dzina lina."

Anayesa. Anavula jekete, anakhala pampando woyang'anana nawo, anawakumbutsa za amayi, za Yotamu, za mtengo wa mapeyala wa kwawo ku Ntcheu. A Chagunda anamvetsera mwaulemu, kenako anaitana Elube.

"Apongozi, mayiwa zathu akuzidziwa bwanji? Kodi makinawa amaulula za m'nyumba?"

Nkhalambayo inayamba kunjenjemera, loboti n'kuyatsa kanyali kofiira. Mwandida anatuluka chamutu pansi.

Ndege zakale zinali zisanatheretu. Inatsala imodzi pa sabata pakati pa Dublin ndi Boston, yonyamula anthu amene madokotala anawaletsa kukwera Legeni: odwala mtima, amayi oyembekezera, okalamba kwambiri, ndi ziweto m'makola. Inkatera pabwalo lakale lija, pamene bambo ake ankamuchingamira kale. Mwandida atauza kompyuta ya zamaulendo kuti akufuna mpando m'ndege imeneyo, kompyutayo inadabwa.

"Thupi lanu lilibe vuto lililonse. Legeni ikufikitsani m'mphindi makumi anayi. Ndegeyi itenga maola asanu ndi awiri. Kodi mwina mwalakwitsa?"

"Sindinalakwitse."

"Mungandiuze chifukwa, kuti ndikuthandizeni bwino?"

"Ayi," anatero Mwandida. Ngakhale makina omwe anachita nawo manyazi.

Kuntchito anapempha tchuthi cha mwezi. Ankaganiza kuti akulu ake akana, kuti mzinda ungamire iye kulibe. Anamuloleza asanamalize n'kufotokoza komwe, ndipo wachiwiri wake anatenga ntchitoyo tsiku lomwelo popanda chovuta. Zimenezinso zinamuluma.

M'ndegemo munkanunkha ukalamba wa mipando. Injini zinkabangula osaleka. Pambali pake panakhala mayi wina woyembekezera, wa ku Ghana, amene anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa m'Chingerezi kuti iye akudwala chiyani.

"Palibe," anayankha Mwandida.

"Nanga mwalowa bwanji muno?"

"Ndikukaona bambo anga."

"Ndiye bwanji osakwera yachanguyo, mukafike msanga? Kapena simugwirizana nawo?"

Mwandida anatembenukira kuzenera.

Foni sinkagwira m'ndege yakaleyo. Panalibe uthenga woyankha, panalibe chothawirako. Pansi panali nyanja, yotuwa, yamakwinya, yosatha. Kwa zaka zinayi ankaidumpha ili kachigamba ka buluu pakona ya zenera, ndipo anali ataiwala kuti ndi yaikulu chotere. Ola loyamba anakwiya ndi kuchedwako. Lachiwiri anawerenga mipando. Kenako maganizo amene ankawathawa anamupeza atamangidwa lamba. Anayesa kukumbuka tsiku lomaliza limene anadya mbale imodzi ndi bambo ake, osalipeza. Anayesa kukumbuka ngati tsitsi lawo linali lometa Lachiwiri lapitalo. Shuga wawo ankamudziwa pamtima, wa mwezi wathunthu. Koma tsitsilo sanalione.

Msana unayamba kuwawa. Mapazi anatupa mpaka anamasula zingwe za nsapato. Mayi woyembekezera uja anagona atatsamira paphewa pake, ndipo Mwandida sanamusunthe.

Mantha anamugwira ndege itayamba kutsika. Nanga akakamuyang'ana n'kunena kuti, "Mayi wa makina, mukutani kuno?" Pamenepo ndiye kuti palibenso khomo lina logogoda.

Bwalo la ndege linali litachepa. Mbali yaikulu anaisandutsa mosungira katundu, ndipo ochingamira anali owerengeka. Mwandida anatuluka akukoka sutikesi, akutsimphina, tsitsi litaphwanyika mbali imodzi. Anawaona bambo ake nthawi yomweyo. Anali pa njinga ya odwala, kutsogolo kwenikweni kwa chingwe, atavala suti imene tsopano inkawakulira. Elube, amene Mwandida anapangana naye pa foni, anaima kumbuyo kwawo. Chipewa chinali pamiyendo.

Maso a nkhalambayo ankayenda pankhope iliyonse yotuluka. Anafika pa iye, n'kudutsa. Kenako maso aja anabwerera, anatsika pa sutikesi, pa nsapato zomasula, n'kukweranso.

"Nangozo!"

Anayesa kudzuka, Elube n'kuwagwira. Chipewa chinagwa pansi. Mwandida anasiya sutikesi pakati pa njira, anagwada, n'kuika mutu pamaondo awo. Dzanja lawo linamusisita pamutu, lopepuka ngati tsamba louma.

"Wafika, mwana wanga. Wayenda bwanji? Taona mapaziwo! Apongozi, taonani mapazi a mwanayu. Ndinkakuuzani ine kuti n'kutali."

"Munkanena, ababa," anatero Elube, akuyang'ana kumbali.

Kunyumba a Chagunda analamula zonse ngati kale. Mwanayu akhale apa. Mapazi awaike m'madzi ofunda. Apatsidwe tiyi wa mkaka, ndi mbatata, osati zamakinazi. Anamufunsa za nyengo ya ku Dublin, ngati denga la nyumba yake silidontha, ngati akulu a kuntchito amamulemekeza. Ena mwa mafunsowo anawafunsa katatu, ndipo katatu konse Mwandida anayankha ngati akuwamva koyamba. Anaona kuti tsitsi lawo linali lometa bwino, m'mbali mosalala. Sanafunse amene amawameta.

Dzuwa la masana linkalowa pazenera. Loboti inaima pakona, kagalasi kake kakuwala, ndipo Mwandida anakhala choifulatira.

"Usadzivute ndi kusabwera, wamva?" anatero a Chagunda, akuviika mbatata mu tiyi. "Ine ndimadziwa. Apongoziwa amandisunga bwino. Kulibe chimene ndimasowa."

"Ndamva, ababa."

"Chimodzi chokha." Anatsitsa mawu, n'kuloza loboti ija ndi chibwano. "Kuli kamtsikana kena kamabwera kudzaona makinawa. Ka kwathu komwe, Chichewa chake n'chomveka. Koma mwana wanga, sindinaone. Kamalowa ngati mphepo. Moni wake ndi wa paphewa, kakudutsa. Munthu wamkulu uli apa, iko maso pa galasi, maso pa wotchi. Tsiku lina kanafika pondinamiza kuti ndi iwe."

Elube, amene ankabwera ndi shuga, anaima pakhomo la khitchini. Mwandida anayang'ana madzi a m'beseni. Ankaona nkhope yake ikugwedezeka pakati pa mapazi otupa aja.

"Ndinakwiya tsiku limenelo," inapitiriza nkhalambayo. "Koma ndaganiza bwino. Mwana sabadwa wotero. Kapena ndi kamasiye. Kapena bambo ake analipo, koma anali ngati ine, wa pamsewu, osakhala pakhomo kuti amuonetse mmene amakhalira ndi anthu. Ndiye cholakwa n'cha bamboyo."

"Ayi, ababa," anatero Mwandida. "Bambo ake sanalakwe."

"Ukumudziwa?"

"Ndimamudziwa pang'ono."

"Eya, ndiye bwino. Akabwera Lachiwiri, usamukalipire. Umukhazike pansi, umupatse tiyi. Aone mmene mwana wa munthu amachitira." Anamwetulira, n'kumugwira dzanja. "Aphunzire kwa iwe."

Mwandida anagwedeza mutu. Sakanatha kuyang'ana bambo ake, sakanathanso kuyang'ana mlamu wake. Elube anafika, anaika shuga patebulo, n'kuthira madzi ena ofunda m'beseni muja.

Posakhalitsa a Chagunda anayamba kuwodzera, dzanja lawo likadali pa lake. Kutali, kupitirira madenga a nyumba, kamzere koyera kanang'amba kumwamba: chombo china chinali kutsika, chodzaza ndi anthu amene adzabwerere kwawo tiyi asanazizire. Amene anapanga Legeni analonjeza kuchotsa nyanja pakati pa anthu ndi abale awo, ndipo anaichotsadi. Panalibe amene anadziwa kuti kwa ana ena, nyanjayo ndi imene inkawakhazika pansi.